Gitala yonyezimira ndi yosanyezimira: kusiyana kwake kuli pati?

Loweruka lina masana, mphwanga, mwana wa mlongo wanga amene amaimba m'kwaya ya achinyamata ku Mufakose, kuno ku Harare ku Zimbabwe, ananditumizira zithunzi ziwiri pa WhatsApp. Anali m'sitolo ina m'tauni, ndalama zimene wakhala akusunga kuchokera pa Khirisimasi zili m'thumba. Pachithunzi choyamba panali gitala ya bokosi yonyezimira moti nkhope yake, foni yake ndi babu la kudenga zonse zinkaonekera pathabwapo. Pachiwiri panali ina yofanana nayo msinkhu ndi kaumbidwe, koma yosawala, thabwa lake likuoneka ngati langochoka kumene m'manja mwa mmisiri. Pansi pake analemba kuti: "Amalume, nditenge iti? Yowalayi akuti ndi gloss, inayi satin. Wogulitsa akuti ya satin imalira bwino chifukwa thabwa lake limapuma."

Ndinamuyankha kuti asapereke kaye ndalama, ndikubwera. M'kombi monse ndinkangolingalira mawu akuti "thabwa limapuma", chifukwa ndawamva kambirimbiri, ndipo nanenso ndinkawanena kale. Kachoonadi kalimo ndithu, kungoti anthu amakaika pamalo olakwika.

Tikamakamba za vanishi wa gitala timaponya zinthu zitatu mumphika umodzi. Pali mtundu wa mankhwala amene anapakawo. Pali kuchindikala kwake. Ndiye pali kuwala kwake. Mawu akuti gloss ndi satin amanena chachitatu chokhacho. Sakuuzani ngati anapaka wopyapyala kapena anachita kuthira ngati phala, ndiponso sakuuzani kuti mankhwalawo ndi otani. Mankhwala amodzimodzi, ochokera m'chitini chimodzi, akhoza kutuluka onyezimira kapena osanyezimira malinga ndi chimene awasakanizira ndi mmene awamalizira.

Kuwala kukagwa pamalo osalala kwambiri kumabwerera njira imodzi, n'chifukwa chake munthu amadziona. Kukagwa pamalo okhala ndi timabampu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, kumamwazikana. Amene anafikapo ku Lake Chivero m'mamawa kopanda mphepo amadziwa mmene mitengo ya m'mbali imaonekera m'madzi. Kamphepo kakangodutsa, madzi ndi omwewo koma chithunzi chija chasowa. Gloss ndi madzi abata aja. Satin ndi vanishi yemweyo, koma m'kupopera komaliza amasakanizamo ufa wosalala kwambiri, nthawi zambiri wa silica, umene umasiya timabampu tija pamwamba akauma. Palinso amisiri ena amene amayamba amaliza gitala ngati gloss, kenako n'kuichotsa kuwalako pokwecha ndi manja. Imeneyo ndi ntchito yambiri, ndipo tibwererako.

Mankhwala ake

Tonse timangoti vanishi, koma amene ali pagitala si uja wa m'chitini wopakira zitseko. Kalekale ankagwiritsa ntchito shellac, utomoni umene tizilombo tina ta ku India ndi ku Thailand timasiya panthambi za mitengo. Amausungunula mu spiriti n'kumapaka ndi kampukutu ka nsalu, mobwerezabwereza kwa masiku ambiri. Umatuluka wopyapyala kwambiri ndiponso wonyezimira, koma sulimba ndi thukuta kapena mowa. Magitala odula a nsambo za nayiloni amapakidwabe chonchi mpaka pano.

M'zaka za m'ma 1920 kampani ya DuPont inatulutsa penti wopopera wa nitrocellulose (oimba amangoti nitro) wopakira galimoto, amene ankauma msanga pamene wakale ankadya milungu. Opanga zoimbira anatengera pomwepo. Martin, kampani imene inayamba mu 1833 ndipo ili ku Nazareth m'chigawo cha Pennsylvania ku America, inayamba kupaka nitro chakumapeto kwa zaka zimenezo, ndipo magitala ake odula, ngakhalenso a Gibson, akupakidwabe nitro lero. Nitro amauma chifukwa madzi ake osungunulira amauluka, ndiye amapitiriza kuphwa pang'onopang'ono kwa zaka. Amasanduka wachikasu akamakalamba, amatha kuchita timizere tosweka ngati ta mbale yadothi yakale, koma ali ndi ubwino umodzi waukulu: ukapopera watsopano amasungunula wakale n'kulumikizana naye, choncho bala limakonzeka osaoneka.

Kenako kunabwera polyurethane ndi polyester, amene oimba amangoti poly. Awa akauma auma, sasungunukanso. Ndi olimba, saopa thukuta, ndipo fakitale imatha kutulutsa magitala ambiri patsiku. Kampani ya Taylor, imene Bob Taylor ndi Kurt Listug anayambitsa ku California mu 1974, inayamba kuumitsa vanishi wake ndi kuwala kwa UV, kuwala kwamphamvu kosaoneka ndi maso, chapakati pa zaka za m'ma 1990, moti zimene zinkafuna kudikira masiku zimatha m'kanthawi kochepa. Magitala amene ambiri a ife timakwanitsa, kaya a m'sitolo kaya obwera pabasi kuchokera ku Johannesburg, a Yamaha, Cort, Fender, Ibanez ndi ena opangidwa ku China ndi ku Indonesia, ndi a poly pafupifupi onse. Aja awiri a mphwanga analinso a poly onse. Ndiye nkhani ya kupuma inafera pomwepo: poly wosawala ndi pulasitiki chimodzimodzi ndi poly wowala.

Chifukwa chake yowala imadula

Apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni, ndipo mmisiri aliyense wa mipando ku Glen View akhoza kukufotokozerani osagwirapo gitala.

Matabwa ena ali ndi timabowo tambirimbiri pamwamba. Amene anapalapo mbawa kapena mlombwa, umene anzathu kuno amati mukwa, akudziwa: ngakhale upale bwanji, timizere takuya timatsalabe. Mahogany, sapele ndi rosewood, amene amapangira m'mbali ndi kumsana kwa gitala, ndi otero. Pajatu mbawa yathu yomweyi ndi abale ake a kumadzulo kwa Africa, mitengo imene akatswiri amaitcha Khaya, ndi imene imalembedwa kuti African mahogany pamagitala ambiri. Chimtengo chotchuka chija cha m'nkhalango ya Chirinda, kufupi ndi Chipinge, chimene amangochitcha Big Tree, ndi mbawa.

Kuti thabwa lotere liwale ngati galasi, amayamba atseka timabowo tonse ndi mankhwala ena. Kenako amapopera vanishi kangapo, kudikira aume, kupala ndi sandipepa kuti pakhale thyathyathya, kusinthira ku sandipepa wosalala, winanso wosalala kuposa pamenepo, mpaka pomaliza kuigwiritsa pagudumu la nsalu lozungulira ndi makina. Pagudumupo dzanja likangolemera pang'ono m'mphepete, vanishi amapsa, thabwa n'kuonekera, ntchito n'kuyambiranso. Maola onsewo alipo amene amawalipira, ndipo ndi inu wogula.

Satin safuna zonsezo. Akapopera komaliza, yatha. Opanga ena satsekanso n'komwe timabowo tija, amangopopera kopyapyala, moti ukasisita umamva mizere ya thabwa ku zala. Imeneyo pamapepala amalemba kuti open pore. Kuti muone kuti ntchito yowalitsayi ndi ndalama zingati, mu 2023 a Martin anatulutsa D-18 ndi D-28, magitala awo odziwika kuyambira m'zaka za m'ma 1930, m'maonekedwe a satin. Matabwa omwewo, mamangidwe omwewo, fakitale yomweyo, koma mtengo unatsika ndi madola mazana angapo.

Tanthauzo lake kwa munthu wa thumba lopepuka ndi ili: magitala awiri akakhala pamtengo umodzi, wina wowala wina wosawala, n'kutheka kuti pa wosawalayo ndalama ija yapita kwina, mwina ku thabwa labwinoko. N'kutheka, sindikuti nthawi zonse. Ndipo pasakhale wonyoza satin kuti ndi wa amphawi. Magitala a Lowden a ku Northern Ireland, amene mtengo wake munthu angagulire kagalimoto, ndi osawala, ndipo ndi aja okwecha ndi manja ndinanena aja. Mbali inayi, anthu amakonda kuponyera gitala yowala mwambi wa chikomekome cha mkuyu. Nthawi zina m'katimo mumakhaladi nyerere. Koma magitala ambiri abwino kwambiri amene anapangidwapo padziko pano ndi onyezimira.

Nanga kalilidwe?

Mawu a gitala ya bokosi amachokera makamaka pathabwa la pamwamba, lija lili ndi bowo. Kawirikawiri limakhala la spruce kapena cedar, mitengo ya kumayiko ozizira, ndipo kuchindikala kwake sikupitirira kwenikweni mamilimita 3. Nsambo zisanu ndi imodzi zachitsulo zimalikoka ndi mphamvu yokwana makilogalamu pafupifupi 70, kuposa thumba la chimanga, usana ndi usiku. Ukakhudza nsambo, thabwalo limanjenjemera ngati chikopa cha ng'oma n'kukankha mpweya. Oimba ng'oma kwathu amadziwa zimene phula limachita akalimata pachikopa: kulemera pang'ono kokha, mawu asintha. Vanishi ndi phula la gitala. Akachuluka, thabwa limalemera ndi kuuma gwa, mawu amachepa, ndipo safika patali.

Ndiye chimene khutu lingamve ndi kuchindikala, osati kuwala. A Taylor omwe aja, pokonzanso magitala awo a gulu la 800 mu 2014, anachepetsa vanishi kuchoka pa mamilimita pafupifupi 0.15 kufika pa 0.09, kupyapyala kofanana ndi pepala la m'kope, koma gitalayo inakhalabe yowala ngati galasi. Zimatheka, kungoti zimafuna luso ndi makina abwino. Pagitala yotchipa zinthu zimayenda mwina. Fakitale yothamanga imathira poly wambiri kuti abise pamene sanapale bwino, komanso kuti wogwira gudumu uja asabowole. Pamenepo ndi pamene satin amapambana kawirikawiri, chifukwa sanafunike kumuunjika. Kachoonadi ka wogulitsa uja ndi kameneka. Ya satin yotchipa ikhoza kulira momasuka kuposa inzake yowala, osati chifukwa ikupuma, koma chifukwa yasenza katundu wochepa.

Ine izi ndinaziphunzira ndi misozi. Gitala yanga yoyamba inali ya malemu bambo anga aang'ono, amene anabwera nayo kuchokera ku mafamu. Inali yokandikakandika, pena vanishi atachokeratu, koma inkalira moti oyandikana nafe ankadziwa kuti ndaweruka. Nditayamba kulandira kandalama ndinaganiza zoilemekeza. Ndinapita nayo kwa mmisiri wina wa makabati, munthu waluso ndithu pantchito yake, ndipo anandichitira zimene ndinapempha: anaipala yonse n'kuipopera vanishi wa mipando katatu, mosaumira. Tsiku loitenga ndinayenda nayo pamsewu popanda chikwama kuti anthu aione. Kufika kunyumba, kumanga nsambo, kukhudza kamodzi. Inalira ngati munthu wachimfine akuimbira m'bulangete. Ndinasintha nsambo, ndinadikira mwezi kuti mwina ikauma ibwerera. Ayi ndithu. Ilipobe, ili pakhoma, ndipo alendo amaiyamikira kukongola.

Mukafuna kudziwa ngati vanishi wachuluka, yang'anani pamene khosi lalumikizana ndi bokosi. Ngati pakona pamenepo padzaza ngati pathiridwa uchi, mzere wolumikizira osaoneka bwino, ndiye kuti anathira mosayeza. Ngati pali pamene panabenthuka, onani kuya kwa balalo. Koma musataye nthawi yonse pamenepa. Pa zinthu zimene zimaumba mawu a gitala, vanishi ali kumbuyo kwa mzere. Kutsogolo kuli funso lakuti thabwa la pamwamba ndi lathunthu kapena ndi lomata timapepala ta matabwa ngati pulayiwudi. Suzumirani m'mphepete mwa bowo lija: ngati mizere ya thabwa ikutsika kuchokera pamwamba mpaka pansi osaduka, ndi lathunthu. Mukaona magawo atatu osanjikizana, ndi lomata. Kenako pali timitanda ta m'kati tochirikiza thabwalo, kukula kwa bokosi, ukalamba wa nsambo, ndi kutalikirana kwa nsambo ndi khosi. Gitala ya m'sitolo imene yakhala chaka ndi nsambo za dzimbiri imagonja kwa iliyonse ya nsambo zatsopano, kaya iwale kaya isawale.

Zimene dzanja limamva

Kwa ine nkhani yaikulu ili kukhosi. Imbani m'tchalitchi cha malata mu Okutobala, nthawi ya 11 koloko, anthu atadzaza. Chikhatho chimachita thukuta, ndipo pakhosi lowala chala chachikulu chimayamba kumata. Ukufuna kutsetsereka kupita kumtunda, dzanja likukakamira, nyimbo yakusiya. Khosi la satin silitero, chifukwa timabampu tija timachepetsa malo amene khungu likukhudza. Anyamata amene amaphunzira sungura, nyimbo zothamanga za kuno ku Zimbabwe, pagitala ya bokosi asanapeze yamagetsi, zala zikuthamanga khosi lonse, amazindikira zimenezi sabata yoyamba. Alipo ena a manja ouma amene amakonda khosi lowala, amati limagwirika bwino. Dzanja ndi lanu, liyeseni.

Opanga magitala anaziona kale izi, n'chifukwa chake ambiri amasakaniza: bokosi lowala, khosi losawala. Yamaha FG800 ndi yotero, D-28 yowala ya masiku ano ndi yoteronso. Ena amawalitsa thabwa la pamwamba lokha, m'mbali ndi kumsana n'kusiya satin. Choncho funso la mphwanga silinali la njira ziwiri zokha. Ndipo amene muli kale ndi khosi lomata, limachotsedwa kuwala pokwecha mopepuka ndi steel wool wosalala kwambiri, wolembedwa 0000. Osati uja wotsukira mapoto, chonde. Dziwaninso kuti mukadzafuna kuigulitsa, wogula adzatsitsirapo mtengo.

Chimene ogulitsa sanena n'chakuti satin sakhala satin mpaka kalekale. Taonani mpini wa khasu kapena munsi wa agogo: palibe anaupaka kanthu, koma pogwira pamanyezimira. Timabampu tija timatha ndi kukhuzidwa. Pakapita miyezi, pamene mkono wamanja umatsamira pamayamba kuwala, kumsana kumene kumakhudza mimba nakonso, ndipo khosi limawala m'malo amene mumaimba kwambiri, mwakuti munthu wodziwa akhoza kuona kuti simupitirira fureti yachisanu (mafureti ndi tizitsulo tija topingasa pakhosi). Gitala imakhala ya mawangamawanga, pena powala pena posawala. Ena zimawasangalatsa, amati yayamba kuwadziwa. Ena zimawanyansa. Palibe nsalu kapena mankhwala obwezeretsa, kupatula kupoperanso.

Pa zokandika, ziwirizi zimasinthana. Satin amabisa tizikande ting'onoting'ono ndi zidindo za zala. Gloss amaulula chilichonse, makamaka gitala ikakhala yakuda: kuigwira kamodzi, zala zisanu zalembeka. Koma chikande cha pa gloss chimapukutika, mmisiri amachikwecha n'kuwalitsanso, osadziwika. Cha pa satin ukachikwecha umangopanga chigamba chowala pakati pa thabwa losawala, ndipo kuti zifanane pamafunika kupopera mbali yonseyo. Wina amabisa koma sachira, wina amaonetsa koma amachira.

Chifukwa cha zimenezi, pagitala ya gulu maganizo anga amatembenuka. Gitala ya kwaya, monga zimene timaziona m'mipingo yathu ya CCAP ku Mbare, ku Highfield kapena ku Mabvuku, imagwiridwa ndi manja khumi pa sabata, imakwera lole kupita kumaliro, imagonekedwa pabenchi. Imeneyo ndingasankhe ya poly wowala, ngakhale atachindikalako, chifukwa ndi chikopa cholimba ndipo litsiro limangopukutika. Ya open pore m'manja otere imadzaza thukuta ndi fumbi m'timabowo, n'kuda.

Ojambula nyimbo ali ndi dandaulo lawo. Mkono wa malaya ukamakhuza thabwa la satin pamamveka kaphokoso ka fwaa, fwaa, kamene m'chipinda simungakamve koma maikolofoni ya mu situdiyo imakatola bwinobwino. Gloss amakhala chete, kupatula kulira tswii mkono wa thukuta ukamatirira. Ojambula mavidiyo a kwaya oika pa Facebook ndi YouTube amadandaula zosiyana: gitala yowala imabweza dzuwa m'kamera, ndipo nthawi zina wojambulayo amaonekera pathabwa ali ndi foni yake.

Nyengo ya kuno

Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500. Kuyambira Meyi mvula kulibe, Juni ndi Julayi kumazizira, Ogasiti ndi mphepo ndi fumbi, ndipo pofika Seputembala ndi Okutobala mpweya umakhala utauma kwambiri, masana chinyezi chimatsika pansi pa 30 peresenti. Magitala amamangidwa m'mafakitale mmene chinyezi amachisunga pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Thabwa likataya madzi limafota. Zizindikiro zake zimabwera motsatana: nsonga za mafureti zimayamba kubaya m'mbali mwa khosi, thabwa la pamwamba limalowa m'kati, nsambo zimayamba kulira zii pamafureti, ndipo tsiku lina mumapeza mng'alu kuchokera pa kathabwa komangapo nsambo kutsika mmunsi. Mvula ikayamba mu Novembala zimatembenuka, thabwa limatupa, nsambo zimakwera, zala zimapweteka.

Anthu amaganiza kuti vanishi wowala wochindikala amateteza ku zimenezi. Lowetsani dzanja pabowo mukhudze m'kati. Ndi thabwa lamaliseche. Magitala ambiri m'kati sapakidwa chilichonse, ndiye chinyezi chimalowa ndi kutuluka pamenepo, kunja kuwale kaya kusawale. Ngati pali kumene thabwa limapumira, ndi kumeneko, ndipo magitala onse amapuma mofanana. Chomvetsa chisoni n'chakuti gitala yabwino ya thabwa lathunthu ndi imene imasweka msanga, pamene ya pulayiwudi imapirira. Mankhwala ake ndi otchipa: kasiponji konyowa, kofinya bwino kuti kasadonthe, m'kabokosi ka sopo koboola timabowo, n'kuika m'chikwama cha gitala miyezi youmayo, chikwamacho chizikhala chotseka. Kupachika gitala pakhoma loyang'ana dzuwa, kapena kuisiya m'galimoto yotseka masana, n'kuipha. Kutentha kumafewetsa guluu, ndipo kathabwa ka nsambo kamayamba kunyamuka.

Fumbi la Ogasiti limavutitsa kwambiri gloss. Ndi mchenga wosalala, ndiye mukalipukuta mwamphamvu ndi nsalu youma mukuchita ngati mukupala ndi sandipepa, ndipo padzuwa mudzaona timizere tozungulirazungulira. Yambani mwaliuzira kapena kulikuntha mopepuka, kenako nsalu yofewa ya thonje, monga sikipa yakale yochapa. Pa satin musayerekeze kupaka polishi wamtundu uliwonse. Amawalitsa mwa zigamba, ndipo pa open pore amatsalira m'timabowo n'kuuma moyera. Kansalu konyowa pang'ono, kenako kouma, basi. Polishi wopopera wa mipando musamuyandikize pagitala iliyonse, pakuti ambiri ali ndi silicone, amene amalowerera m'ming'alu n'kuchititsa kuti guluu ndi vanishi watsopano zisadzagwire tsiku lokonza.

Amene muli ndi mwayi wokhala ndi gitala ya nitro, kaya yowala kaya ayi, muli ndi adani enanso. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET amasungunula nitro. M'tauni muno sitiwadzola kwambiri, koma paulendo wa kumudzi kudzera ku Nyamapanda ndi Tete, kapena kukaimba ku Kariba, mkono wodzola ukatsamira pagitala umasiya chidindo chosachoka. Mphira ndi pulasitiki wofewa wa pa zoimikira gitala zotchipa, ngakhalenso malamba ena, amadya nitro akakhudzana naye nthawi yaitali. Sanitaiza nayenso. Ndipo gitala imene yagona m'buti ya basi usiku wa Juni musaitsegule msanga pafupi ndi moto kapena m'chipinda chofunda. Isiyeni m'chikwama ifunde pang'onopang'ono, apo ayi vanishi amachita timizere tosweka nthawi yomweyo. Poly zambiri mwa izi sazimva.

Pogula yogwiritsidwa kale ntchito, gloss amakuuzani mbiri yonse: ipendekeni pawindo, muona pamene inagwa, pamene inang'aluka n'kumatidwa. Pa satin yang'anani zigamba zowala, zikuuzani kuchuluka kwa ntchito imene yagwira. Imene muyenera kuithawa ndi yowala mopitirira msinkhu wake, ya fungo la vanishi watsopano, yokhala ndi timadontho touma m'mphepete kapena vanishi wokwera pa kathabwa ka nsambo. Imeneyo inadutsa m'manja ngati mmene inadutsira ya bambo anga aang'ono.

Nditafika m'sitolo muja ndinapeza mphwanga atakhala pakampando, magitala onse awiri atawatsamiritsa pakauntala. Ndinamuuza kuti atembenuke ayang'ane kukhoma, ine n'kuimba makodi omwewo pa iliyonse, mosinthasintha, kanayi. Kawiri analoza ya satin kuti ndiyo ikulira bwino, kawiri analoza yowala. Wogulitsa anaseka, nafenso tinaseka. Kenako tinasuzumira m'mphepete mwa mabowo. Yowala inali ya magawo atatu. Ya satin inali ya thabwa lathunthu pamwamba, ndipo mtengo unkasiyana pang'ono chabe.

"Ndiye titenge iyi, Amalume?"

"Taimba kaye mphindi khumi pa iliyonse, usaiyang'ane, uzingomvera dzanja."

Anaimba. Kunja kunkatentha, ndipo pa yowala ija ndinamuona akupukuta chikhatho pathalauza kawiri. Komabe maso ake ankabwererabwerera komweko. Anandiuza motsitsa mawu kuti anzake a m'kwaya akaona yosawalayo aziti wagula yakale. Ndinamuuza kuti zimenezo n'zoona, ena adzaterodi, ndipo ndalama ndi zake. Ndinamuonjezeranso kuti ikakhala ya thabwa lathunthu ndiye kuti wadzipezera ntchito ya kasiponji chaka chilichonse, komanso kuti pofika Isitala idzakhala itayamba kuwala pamene iye sakufuna.

Anatenga ya satin, ndipo chenji chinapita ku chikwama chokhuthala ndi nsambo zatsopano. Mwezi wathawu anabwera nayo kunyumba. Pamwamba, pamene mkono umatsamira, payamba kale kachigamba konyezimira kofanana ndi chikhatho cha mwana. Mayi ake akuti anayesa kukachotsa ndi nsalu yonyowa, poganiza kuti ndi mafuta.